Tiyi wa m'Chipinda Chakumapeto

Koleji ya unamwino ndinaisiya m'chaka chachiwiri. Kutchalitchi ndinalekanso, poti azimayi akwathu okhala ku Dennistoun, kuno kutsidya kwa nyanja, moni wawo unali umodzi: mumaliza liti? Ndinapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Springburn, ndipo munthu yekhayo amene ankacheza nane tsiku lonse anali mayi wina wachimwenye wa m'chipinda chakumapeto.

Ankakonda kundisimbira za chithunzi chimene chinali pakhoma pawo, mzimayi wofunda nsalu kumutu ali pambali pa mwamuna wake. Ankati awiriwo anatsegulira atsikana sukulu kwawo ku India, n'kulandiranso ana a gulu lonyozeka, anthu amene ena sankafuna n'kuwakhudza komwe. Mzimayiyo popita kukaphunzitsa ankagendedwa ndi ndowe, ndiye ankanyamuliratu nsalu ina yosinthira. Ine ndinkamvera khutu limodzi, maso ali pa wotchi.

Chimene chinkandiwawa chinali tiyi. Ndikawapatsira kapu ndi manja awiri, monga anandilelera kwathu, sankalandira. Ankabweza manja pachifuwa n'kuloza patebulo. Ine ndinakulira ku Limbe. Ndikudziwa mmene amwenye ena m'masitolo muja amakukankhira katundu pakauntala kuti zala zisagundane. Tsiku lina zinandikwana, ndinalemba dandaulo. Amanijala sanachedwe, anandisamutsira kunsanja yapamwamba.

Patapita sabata, mwana wamkazi wa mayi aja, dokotala, anandiimitsa pamasitepe. Anati amayi akewo anabadwira m'gulu lonyozeka lomwelo. Ali mwana, akakhudza dzanja la munthu wa gulu lapamwamba ankamenyedwa, ndipo madzi akumwa ankawathirira m'manja chapatali. Ukalamba wawabwezera komweko.

"Sikuti amanyansidwa nanu," anatero. "Amaopa kukudetsani."

Ndinangoti ndili ndi ntchito.

M'mawa mwake ndinapita kwa amanijala kuti andibwezere pansi. Anati pepala likalowa m'faelo silituluka, komanso chipinda cha mayi aja apatsa kale wantchito wina. Anandifunsa ngati ndikufuna kulemba pepala lina lofotokoza kuti ndinalakwitsa. Ndinakana. Mapepala ndi amene anandifikitsa apa.

Kumwambako kuli azibambo atatu osalankhula ndi wailesi yakanema yosazimitsidwa. Ndimagwira maola anga, ndimakwera basi, ndimafika kunyumba pakamwa pali pouma chifukwa chosayankhula. Pansi paja ndimadutsapo ndikamatsitsa zochapa. Chitseko cha mayi aja chimakhala chotsegula pang'ono. Mpaka lero sindinalowemo.