Dzuwa Linalowa Osandiuza

Ndikukumbukira khonde la nyumba yathu kukompaundi ya esiteti ku Thyolo, pomwe mizere ya tiyi inkayambira pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Lachisanu lililonse Amayi ankachoka kusikelo yoyezera tiyi mofulumira, zala zitada ndi madzi a masamba, n'kusamba, n'kuvala nsalu yochapa. Kenako tinkakhala awiriwiri kudikira kuti dzuwa likhudze nsonga za mabulugamu, tiyambe kuimba potsegula Sabata. Amayi ankathyola tiyi mlungu wonse koma, monga munthu wa mpingo wathu, sanamulawepo. Ankati msana wawo ukumudziwa mokwanira.

Chaka chomwe ndinalowa Fomu 1 chifuwa chawo chinakula. Mng'ono wawo, amayi aang'ono a Dorika, omwe anali namwino ku Mangalande, anabwera kudzanditenga kuti ndikaphunzire kumeneko. Palibe anandiuza kuti ndidzabwerako liti, nanenso ndinachita manyazi kufunsa. Tsiku lonyamuka Amayi anandigwira chibwano.

"Elube, dzuwa ndi limodzi," anatero. "Lachisanu ukaliona likulowa, uyambe nyimbo yathu ija. Ine ndidzayambira kuno, tidzakumana pa kolasi."

Tinafika ku London mu Disembala. Kwathu tinasiya mvula, mapiri ali biriwiri ndi nsonga zanthete. Kumeneko mitengo yonse inali mbulanda, ndipo ndinalemba m'kope langa kuti mwina kunadutsa chirombo. Ndikapuma mkamwa munkatuluka utsi, makutu ankapweteka ngati wina wawakoka.

Amayi aang'ono anapatsidwa Lachisanu lokha lopuma kuchipatala, ndiye anati tikaone mzinda. Anandiveka jekete lofika m'mawondo ndi chipewa choyabwa. Tinatsika pamasitepe oyenda okha, ine nditagwira mkono wawo ndi manja onse awiri, n'kukwera sitima yapansi panthaka, momwe anthu ankakhala moyang'anizana koma osapatsana moni. Titatuluka ndinaona mtsinje waukulu wa madzi otuwa, popanda ngakhale mayi mmodzi wochapa, ndi nkhunda zonenepa zikuyenda pakati pa miyendo ya anthu. Ndinaganiza za anyamata akukompaundi ndi malegeni awo.

Zonsezi ndinkaziona ndi diso limodzi, linalo lili kumwamba. Dzuwa linalipo, lofooka, lokhala m'munsi ngati likudwala, koma tinali titangodya chamasana, choncho mtima unali m'malo. Za pangano lathu sindinawauze amayi aang'ono. Ndinkaopa kuti andiseka.

Tinalowa m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale. Munali mofunda, mukununkhira polishi. Kudenga kunapachikidwa mafupa a chinsomba chotalika kuposa thirakitala ndi ngolo yake, chonga chomwe chinameza Yona. Ndinadziwa kuti Amayi adzafuna kumva zonse, ndiye ndinayamba kukopera mayina m'kope mosamala, chilembo ndi chilembo, chipinda ndi chipinda. M'zipinda zamkatizo munalibe zenera.

Titatuluka kunali mdima. Magetsi anali atayaka mumsewu monse, mabasi ofiira akudutsa owala ngati masitolo.

"Amayi aang'ono, ndi kadamsana?"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Kadamsana wa chiyani mwanawe? Kuno nthawi yozizira dzuwa limaweruka msanga kuposa kalaliki. Yenda, tingaphonye sitima."

Ndinaima pomwepo, anthu akundigunda mapewa. Ndinayesa kuyamba nyimboyo chapansipansi, koma milomo inali itauma ndi chisanu, mawu sanatuluke. Sindinkadziwa ngakhale komwe kunali kumadzulo. M'sitima ndinabisa nkhope m'chipewa, amayi aang'ono n'kumaganiza kuti ndagona.

Lamulungu tinaimba foni kwa aphunzitsi oyandikana nafe kukompaundi, iwo n'kukawaitana Amayi. Ndinamva akubwera, masilipasi akukwekwereza, akupumira m'mwamba.

"Amayi, sindinalione," ndinatero. "Linalowa ndili m'nyumba."

Anatsokomola kwa nthawi. "Ndiye chifukwa chake. Ndinabwerezabwereza kolasi mpaka udzudzu unandilowetsa. Usalire iwe, Lachisanu silitha."

Koma Lachisanu lotsatira kunali mitambo ndi mvula yowaza, lotsatiranso chimodzimodzi. Sukulu itatsegulidwa, mdima unkandipeza ndili m'basi. Pamene thambo linayera, masiku anali atayamba kutalika. Ndinawaululira amayi aang'ono za pangano lija, ndipo sanaseke. Anatenga lalanje ndi tochi n'kundisonyeza kuti dzuwa likamalowa pazenera lathu, ku Thyolo kunali kutada kale, anthu atatseka zitseko. Ndinkaimbabe ndekha, ndikudziwa kuti ndachedwa.

Amayi anamwalira m'miyezi ija yomwe kumeneko dzuwa limakana kulowa mpaka ana atagona. Mapepala anga aulendo sanalole kuti ndipite kumaliro. Tsiku lowaika m'manda ku London kunawala kwambiri, anthu atagona pakapinga m'mapaki.

Ndinabwerera kwathu ndili wamkulu, ndipo pano ndimaphunzitsa cha ku Goliati. Zinthu zasintha. Ana anga a m'kalasi amaonana ndi amayi awo ali ku Joni kapena ku Ireland pafoni, amawaonetsa ngakhale dzino lomwe laguluka. Foni yomweyo imakuuza nthawi yolowera dzuwa mumzinda uliwonse, tsiku lililonse la chaka.

Chaka chatha ndinalimba mtima n'kuyang'ana. Ndinapeza kuti pa chaka chonse, ndi mu Disembala ndi masabata oyandikana naye okha pomwe dzuwa limalowa pafupifupi nthawi imodzi ku London ndi ku Thyolo. Amayi, omwe sanadutsepo Limbe, ananena zoona. Madzulo a Lachisanu loyamba lija iwo anayamba kuimba pa nthawi yake, ine ndikukopera dzina la nsomba yakufa.