Mayi Amene Anatontholetsa Ng'ona ya ku Rebolo

Ubaldina Cantillo anaphunzira ntchito ya masipika mwakuba. Bambo ake ankakonza mawailesi pa khonde ku Rebolo, ndipo ankafuna mwana wamwamuna woti adzamusiyire zipangizo, koma Mulungu anawapatsa atsikana asanu. Ubaldina, wachitatu, ankangoima kumbuyo kwawo ngati wabweretsa khofi, maso ali pa zala zawo. Mkuluyo atayamba kunjenjemera manja, anadzazindikira kuti waya yense amene makasitomala ankamuyamikira zaka ziwiri zapitazo ankakulungidwa ndi mwana wake iye akugona masana.

Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, zala zakuda ndi guluu chaka chonse, ngakhale pa Khirisimasi. Sipika ikapsa kulikonse kuyambira ku Rebolo mpaka ku Soledad, inkathera pa tebulo lake. Ankachotsa pepala long'ambikalo, nkusolola waya wopsererayo, nkukulunga watsopano mzere pamwamba pa mzere akuwerenga chamumtima. Anakwatiwa ndi Eulogio, kalipentala wofatsa amene mawu ake a tsiku lonse sankakwana khumi. Iye ankakhoma mabokosi, mkazi wake nkuwapatsa mawu.

Ntchito imene Ubaldina ankanyadira kuposa zonse inali piko ya Dagoberto Pertuz, wogulitsa nyama kumsika. Piko imeneyi inali chimulu cha mabokosi a masipika ovinitsira anthu pamsewu, otalika kuposa munthu, ojambulidwa ng'ona yotsinzina diso limodzi, ndipo ikalira Lamlungu masana malata a nyumba zitatu ankanjenjemera. Anthu ankangoitchula kuti Ng'ona. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, chilichonse cholira m'mimba mwa Ng'ona chinali chopangidwa ndi manja a Ubaldina: masipika akuluakulu a besi, tating'ono ta mawu osongoka, ndi kabokosi kogawa mawu, kamene kamatumiza kugunda kwa ng'oma ku masipika aakulu, kulira kwa lipenga ku tating'ono. Ubaldina ndi amene ananyamula mwana woyamba wa Dagoberto pa ubatizo, choncho ankaitanana kuti komadre ndi kompadre, ndipo nyama ya Loweruka inkabwera yokha kunyumba.

Zinasokonekera mu Januwale wina, mphepo ya kunyanja ikuomba, anthu akukonzekera chikondwerero cha kanivale. Mlamu wake wa Dagoberto, wogwira ntchito pa sitima zapamadzi, anabweretsa masipika a kufakitale kuchokera kunja, onyezimira, olembedwa zachingerezi kumbuyo. Anabwera nayenso katswiri wina wa nsapato zoyera woti awamange. Ubaldina sanauzidwe. Anangofika pa gule wa Lamlungu ngati masiku onse, atanyamula mbale yake ya msuzi wa sankocho, nkupeza masipika ake khumi ndi awiri atawayala m'mphepete mwa msewu ngati nsomba zouma.

Kugula zatsopano si mlandu, ndipo akanangomuuza bwinobwino mayiyo akanameza. Koma Dagoberto anali atamwa ramu, ndipo munthu wakumwa akagwira maikolofoni satula msanga.

"Anthu a ku Rebolo, Ng'ona yavula nsanza!" anakuwa choncho. "Zomatamata ndi malovu zija zatha lero. Mawu a Ng'ona ndinkawapanga ndine, ndi khutu langali. Akomadre ankangopaka guluu. Akomadre, muli kuti? Apo! Pitani mukapume mayi, mukatiphikire chinangwa. Waya ndi wa amuna."

Anthu anaseka. Si onse, koma okwanira. Kenako Dagoberto anatsika, nkuponda sipika imodzi pakati penipeni, nsapato nkulowa mpaka m'kakolo. Inali sipika imene Ubaldina anaikulunga ali ndi pakati pa mwana wake womaliza, msana ukumupweteka. Ubaldina anaika mbale yake pansi, nkunyamuka, Eulogio akumutsatira kumbuyo.

Atafika kunyumba anakhala pa mpando wake wa ntchito.

"Eulogio."

"Hmm."

"Adzabweza mawu amenewa. Pamsewu womwe uja, pa maikolofoni, ine ndikumva ndi makutu angawa."

"Umukhululukire, Uba. Anali ataledzera."

"Kuledzera kumangotsegula chitseko, zotulukazo zinali kale m'nyumba. Kabati yathu ija ndi ya matabwa anji?"

Eulogio anaiyang'ana kabatiyo mwachisoni, chifukwa inali mphatso yake ya ukwati. "Olimba," anayankha.

Chaka chimenecho banja lawo linasunga zovala m'masaka. Kabati inasanduka mabokosi awiri, chitseko cha kuchipinda chinasanduka lachitatu. Ubaldina anayenda m'malo onse otayako zitsulo kufunafuna maginito, anakatenga masipika akufa a holo ya kanema imene inatsekedwa, nkuwaukitsa imodziimodzi. Nyama ya Loweruka itabwera sabata yotsatira, anaiponyera galu wa aneba wobweretsayo akuona. Mkwiyo wa anthu ena umazilala ndi nthawi, koma wake ankausonkhezera tsiku ndi tsiku, ndipo ife aneba tinkamuopa. Ine ndimati ankaukondanso, chifukwa sanagwirepo ntchito yokongola ngati ya chaka chimenecho.

Piko yakeyo inali yaing'ono, yosafika theka la Ng'ona. Anaijambulitsa mavu nkuitcha Mavu, ndipo anthu oiona ankaseka mobisa. Sankadziwa kuti mayiyo sankafuna kupambana ndi kukula kwa phokoso. Ankamudziwa kompadre wake monga munthu amadziwira nsapato yake yakale. Dagoberto anali ndi dzanja lolemera. Akangomva kuti piko ina ikumveka kuposa yake, ankapotokola batani mpaka kumapeto, osaganiza. Zaka zonse zija Ng'ona sinapse chifukwa Ubaldina anabisa babu la galimoto m'kabokosi kogawa mawu. Mphamvu ikachuluka babulo linkayaka nkumwa yotsalayo, timasipika tating'ono nkupulumuka. Mwini piko sanatsegulepo kabokosiko ngakhale kamodzi. Ankangodziguguda pachifuwa kuti Ng'ona yake siifa. Katswiri wa nsapato zoyera uja anataya kabokosi kameneka pamodzi ndi zina zonse, nkuika kake ka m'sitolo.

Choncho Ubaldina anathera nzeru zake pa malipenga anayi achitsulo, oponya mawu osongoka pamalo amodzi ngati madzi a m'paipi. Iye sankakhulupirira mamita oyezera. Ankayeza ndi khutu, ataima pakamwa penipeni pa lipenga, Eulogio akukweza pang'onopang'ono, iye nkumachotsa waya mizere iwiri, nkumveranso, nkubwezera umodzi. Masiku ena akamaliza, m'makutu munkalira ngati mwalowa nkhululu mpaka m'mawa. Mwamuna wake anamusokera timipira ta thonje totsekera m'makutu, iye anatiponya pa zenera, nati munthu salawa ndiwo atatseka pakamwa.

Januwale atabweranso, anapita kumsika, nkuima patsogolo pa benchi ya Dagoberto anthu ali mbwee.

"Akomadre! Mwasowatu. Ndikupimireni ya msuzi?"

"Nyama yanu idyeni nokha, kompadre. Lamlungu ndikubwera ndi piko yanga pamsewu wanu."

"Kawailesi kanu ka mavu kaja? Mayi, ndikuopa kukaponda mwangozi."

"Kuponda mumatha, tinaona. Wotonthola woyamba alankhula pa maikolofoni ya mnzake. Mwavomera, kapena mukafunse kaye chilolezo kwa bambo wa nsapato zoyera?"

Ogulitsa nsomba anakuwa, wina anaimba mluzu. Dagoberto anakhoma chikwanje pa thabwa. "Mukatonthola inu, mudzanena kuti ndinu wophika chinangwa basi."

"Mukatonthola inu, mudzanena zoona. Zikuvutani, chifukwa simunazolowere."

Lamulo la mpikisano wotere aliyense amalidziwa. Mapiko awiri amayang'anizana, msewu uli pakati, anthu akuvina pakatipo. Poyamba amasinthana nyimbo, kenako amalizira pamodzi mpaka ina itatha mpweya. Anayamba itangokwana 2 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo. Ng'ona itagunda besi yake yoyamba, mabotolo anagwa pa matebulo osewerera domino, ndipo kunena zoona masipika akunja aja ankalira bwino. Anthu onse anakhamukira kumeneko. Mavu inkangomveka ngati ikupepesa, ndipo amayi ena anayamba kumumvera chisoni Ubaldina.

Nthawi yolizira pamodzi itakwana, Ubaldina anakwera pa bokosi lapamwamba, pamene malipenga anayi aja anamangidwa pa chitsulo chozungulira. Anachigwira ndi manja onse awiri, mutu wake uli pakati pa malipengawo, nkuwalozetsa pamalo amodzi okha: pamene Dagoberto anaima, kuseri kwa tebulo la mabatani. Kenako anagwedezera mutu Eulogio.

Anthu ovina pakati sanamve kusintha kwenikweni. Koma pamene panali Dagoberto, lipenga la Mavu linkabaya ngati singano, ndipo piko yake yomwe sankaimvanso. Anasuntha, malipenga anamutsatira. Anasunthanso, anamupezanso. Dzanja lake linapita pa batani. Katswiri uja analigwira, iye anamukankha. Anakweza. Ubaldina anagwedezanso mutu, Eulogio anakweza pang'ono, Dagoberto anakweza kwambiri. Zinatenga ola lathunthu ndi theka, mayiyo ali pomwepo, thukuta likutsika m'miyendo, mano atawaluma, mtima ukusangalala moipa. Eulogio anamukodola kawiri kuti atsike, iye sanamuyang'ane nkomwe.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Timasipika tating'ono ta Ng'ona tinayamba kufa kamodzikamodzi, nyimbo nkusanduka ngati munthu woimba atafunda bulangeti. Fungo la waya wopsa linafika kwa ovina. Dagoberto, posamva mawu osongoka, anachita zomwe ankadziwa: anapotokola mpaka kumapeto. Masipika aakulu anakhosomola, awiri anang'ambika, utsi wakuda unatuluka m'kamwa mwa ng'ona yojambulidwa ija. Kenako zii.

Eulogio anazimitsa Mavu. Ubaldina anatsika, nkuona anthu akulumpha, kukamwa kuli yasa, zipewa zikuuluka m'mwamba. Koma msewu wonse unali chete. M'mutu mwake munali kamluzu kamodzi kokha, kowongoka, kosatha. Anameza malovu, anagwedeza mutu, kamluzuko kanali pomwepo.

Dagoberto anawoloka msewu pang'onopang'ono, nkhope itagwa, nkulandira maikolofoni kwa Eulogio. Anaima patsogolo pa komadre wake. Milomo yake inayenda kwa kanthawi, kenako inaima.

"Nenaninso, kompadre," anatero Ubaldina. "Sindinamve."

Anthu anagwa nako kuseka, ena akumenya matebulo. Ankati mayiyu ndi wankhanza zedi, akufuna amusende chikopa munthu ali moyo. Dagoberto anapukuta nkhope ndi malaya, nkunenanso, mitsempha ya pakhosi itatupa. Ubaldina anayandikira, anapendeketsa mutu, maso ali pa milomo ija, akufunafuna dzina lake. Chaka chathunthu analota mawu amenewa, ndipo tsopano ankangoona mano ndi lilime. Mantha anamugwira, ndipo pamwamba pa manthawo panabwera ukali.

"Mokweza! Mwadya lero, kapena ayi?"

Kachitatu Dagoberto anakuwa misozi ikutuluka, mkazi wake ataphimba nkhope ndi mpango. Eulogio yekha ndi amene sankaseka. Anamuyang'ana Ubaldina, nkuomba m'manja kamodzi kumbuyo kwa khutu lake, ndipo mayiyo sanatembenuke. Anamugwira pa mkono mwakachetechete, nkumugwedezera mutu kuti zanenedwa, zatha. Ubaldina anamusiya Dagoberto ataima choncho, nkuyenda pakati pa anthu mutu uli m'mwamba, akugwirana nawo chanza ngati akumva zonse zimene ankamuuza.

Khutu lakumanzere linadzabwerera pang'ono patapita miyezi, lakumanja silinabwererenso. Ku Rebolo mpaka lero amasimba za tsiku limene Ubaldina Cantillo anamubwerezetsa munthu katatu, ndipo iye sanawakonzepo nkhaniyo. Koma madzulo a tsikulo, dzuwa likulowa, anali atakhala pa tebulo lake, chitseko atatseka, akulira ngati mwana, koyamba kuchokera pamene bambo ake anamwalira.

Atatonthola anafunsa, mawu akutuluka mokuwa chifukwa sankadzimva. "Ananena chiyani? Usandinamize."

Eulogio anachotsa pensulo kukhutu, anatenga kachidutswa ka thabwa, nkulemba pang'onopang'ono ndi zilembo zake zopindika: Mawu a Ng'ona anali a Ubaldina Cantillo. Ine ndinkangopotokola batani. Ndinanama.

Anawerenga kawiri, chala chikutsata zilembo.

"Dzina lonse anatchula? Ndi la bambo anga lomwe?"

Eulogio anavomera ndi mutu.

"Ndipo anthu onse anamva? Mpaka akumsika aja?"

Anavomeranso.

Ubaldina anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Mawa abwera ndi masipika ake opsawo, chifukwa palibenso wina woti awakonze. Akafika usamupatse mpando. Aime panja, padzuwa, mpaka nditamaliza kumwa khofi."