Damu la Pakhwawa

Ndinabwerera kwa makolo anga mwamuna wanga atamwalira, ndili ndi ana awiri, mtolo wa zovala ndi khasu limodzi. Mudzi wathu uli chakumtunda kwa Chiuta, patali ndithu ndi nyanja, moti ife si anthu a nsomba. Timadalira mashamba. Bambo anandigawira chigawo cha munda wawo, chomwe chimathera m'khwawa. Mvula ikamagwa khwawalo limasefukira mpaka kukokolola nthochi, koma chimanga chikangouma m'munda, nalo limauma gwa. Miyezi isanu tinkangokhala, kudikira mitambo.

Nkhani ya damu anaiyamba ndi bambo. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi, ine ndili kumsana, ndipo kumeneko iwo ankagwira ganyu pamunda wa munthu wina yemwe anatseka kamtsinje ndi dothi n'kumalima ndiwo chaka chonse. Chibwerereni ankangolankhula za zimenezo. Anzathu kuno amati repureza, koma iwo sanasiye kunena kuti damu, ndipo nafenso pakhomo tinazolowera choncho. Pamene ndinkabwerera ndi ana anga n'kuti miyendo yawo itafooka, akuyenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika pamtengo wa mango basi.

"Ndikanakhala ndi miyendo," ankatero.

Tsiku lina ndinawayankha kuti, "Miyendo ndili nayo ine, bambo. Ndiuzeni pomanga."

Anandilozera pamene khwawa limapanikizika pakati pa zulu ziwiri. Ndinayamba titangokolola. Ndinkakumba dothi pomwepo m'mbali, kusenza pabeseni, kukhuthula, kupondaponda ndi mapazi. Matuza anatuluka, anaphulika, manja anauma ngati chikopa. Anthu opita kumsika ankaima panjira n'kumafunsana ngati ndikukumba manda a njovu. Ine ndinkangokumba. Pofika nthawi ya mabingu oyamba, khoma linali litandipitirira msinkhu.

Bambo anandifunsa ngati ndasiya njira yoti madzi azitulukira akadzadza. Ndinati ndidzakumba, koma mumtima ndinkaona ngati kutaya madzi amene ndawavutikira. Kubzala kunandipeza, ndipo njirayo sindinakumbe.

Damu linadzaza m'masabata awiri. Ndinkapita m'mawa uliwonse kukangoliyang'ana. Kenaka kunagwa mvula ya tsiku lonse, ndipo cha kumasana ndili pakhonde ndinamva mkokomo ngati wa komboyo, sitima ya pamtunda, ikamadutsa pa Entre Lagos. Ndinathamanga osavala nsapato. Ndinapeza khoma litang'ambika pakati, madzi ofiira akuthamangira kumunsi.

Kumunsiko kunali munda wa mpunga wa mayi wina wachiyao, mkazi wa msodzi, wondiposa zaka pang'ono. Tinkapatsana moni panjira, ine n'kumati achemwali, basi. Ndinawapeza ataima m'matope ofika m'mawondo, mpango utanyowa, akuyang'ana pomwe panali mpunga wawo wowokera kumene. Panali mchenga wokhawokha.

"Mwaona ntchito yanu?" anandifunsa, osakweza mawu. "Amuna anga nsomba zikuwavuta chaka chino. Ana anga adya dothi lanuli?"

Ndinagwada m'matope momwemo n'kupepesa. M'mawa mwake ndinapita ndi khasu ndi beseni langa lija, ndinayamba kuchotsa mchenga m'munda mwawo. Ndinagwira masabata atatu, munda wanga ukumera udzu. Mbande ndinakapempha kwa amalume kudambo, ndinabwera nazo panjinga maulendo anayi. Tinawokera limodzi, iwo mzere wawo, ine wanga, osalankhulana. Tsiku lomaliza anandipatsa madzi akumwa, n'kunena kuti, "Mukadzamanganso chinthu chija, ndikakusumirani kwa aboma ku posto."

Kunyumba amayi anandiuza kuti ndisiye, ndachita kale manyazi okwanira. Koma bambo anafunsa kuti khomalo linang'ambika kuchokera pamwamba kapena pansi. Ndinati madzi anadutsa pamwamba, koma m'munsi munalinso mukuchucha kuyambira kale. Anagwedeza mutu. "Ndiye kuti zolakwa ndi ziwiri. Ziwiri n'zochepa, mwanangu. Zimakonzeka."

Mvula itatha ndinapalasa njinga kupita ku Chiuta kukafuna tekiniku wa zaulimi. Ulendo woyamba sindinamupeze, wachiwiri anali pamsonkhano, wachitatu ndinakhala pakhomo la ofesi mpaka anatuluka. Anabwera patapita sabata. Anayenda m'khwawa, anakhoma zikhomo, anandionetsa kuti ndiyambe ndakumba ngalande pansi pa khoma mpaka ndipeze nthaka yolimba, ndiidzaze ndi dongo, ndipo njira yotayira madzi ndiikumbe pambali, pamalo osakumbidwapo, yotakata. Anatola dothi la khoma lakale, analifikisa m'manja, linangoyoyoka.

"Ili si dothi lomangira, mayi. Pezani dongo."

Dongo labwino m'dera lathu ankalidziwa ndi munthu mmodzi, woumba mbiya ndi miphika yomwe timagula tonse. Anali achemwali omwe aja.

Ndinazengereza masiku awiri. Lachitatu ndinapita, ndinawapeza akusalaza mphika ndi chitsononkho. Ndinakhala pansi, ndinafotokoza zonse zimene tekiniku ananena, ndinajambula ndi chala pamchenga. Ndinawauza kuti ndimanga ndithu, koma sindikufuna kumanga mobisa, ndipo madzi akadzakhalapo, chilimwe adzafika ndi kumunda kwawo.

"Inu simumva eti?" anatero.

"Pa ichi chokha, achemwali, sindimva."

Anapitiriza kusalaza mphika wawo mpaka ndinaganiza kuti andiiwala. Kenaka anati, "Ngati mumanga, ndizibwera kudzaona ndekha. Ndikanena kuti phwasulani, muphwasula. Sindifuna kudzagwadiridwanso m'matope."

Anandionetsa dongo kuseri kwa chulu chachikulu, mtunda woti ukasenza beseni umapuma kamodzi panjira. Wilibala ndinabwereka kwa mphunzitsi wina, gudumu lake lokhota. Ngalande yokha inanditengera mwezi. Dongo tinkathira pang'onopang'ono, kukhuthala kwake ngati chikhatho, kuwaza madzi, kusinja ndi munsi mpaka munsi uzidumpha. Achemwali ankabwera ndi kamtengo kosongoka n'kumabaya paliponse. Kakalowa mosavuta, ankangoti, "Apa," ine n'kukumbanso. Tsiku lina anandiphwasulitsa ntchito ya masiku anayi chifukwa anapezamo mizu ya udzu. Ndinalira ndi ukali, koma ndinaphwasula. M'mawa mwake anabwera ndi munsi wawo. Kuyambira pamenepo tinkasinja awiri, kupatula Lachisanu, tsiku lawo la mapemphero, lomwe ine ndinkatuta miyala yoyala m'njira ya madzi.

Khoma lachiwiri linali lalifupi kuposa loyamba, koma lotambalala, moti pamwamba pake wilibala inkayenda bwinobwino. Tinabzalapo kapinga kuti agwire dothi.

Mvula yaikulu itabwera, tonse awiri tinakaima pachulu titafunda masaka. Madzi anakwera, anafika pachikhomo cha tekiniku, anayamba kulowa m'njira ya pambali, kudutsa pamiyala, n'kukagwera m'khwawa kumunsi mwaulemu. Tinaima pamenepo mpaka mvula inakata. Achemwali anatsika, anayenda m'munsi mwa khoma akugwira dothi ndi dzanja kufuna pochucha. Atabwerako anangoti, "Ndikupita, ndasiya nyemba pamoto."

Chilimwe chimenecho ndinalima tomato, anyezi ndi ndiwo zamasamba za kove. Madzi tinkakoka ndi payipi yodutsa pamwamba pa khoma, kuyamwa ndi pakamwa mpaka atayamba kuyenda okha m'tingalande. Masiku awiri pasabata payipi inkapita kwa achemwali, omwe anabzala chimanga chachiwisi pamalo pa mpunga. Tomato woyamba ndinapita naye ku Entre Lagos m'madengu awiri panjinga, ndipo azimayi ogula zokagulitsa ku Malawi anandilanda ndisanatsitse n'komwe. Pobwerera ndinagulira ana makope ndi nsapato za kusukulu.

Bambo tinawakweza panjinga, ine kukankha, amayi kuwagwira kumsana. Atafika anatsika, anayenda ndi ndodo pamwamba pa khoma kuchoka uku kukafika uko, mtunda womwe anali asanayendepo zaka ziwiri. Anapempha kuti ndiwatungire madziwo m'chikho, anasamba kumaso. Kenaka anayamba kundidzudzula kuti kapinga ndabzala motalikirana.

Anamwalira damu lili ndi zaka zitatu. Panopa latha zisanu ndi chimodzi, ndipo silinandipatsepo tchuthi. Nkhanu zimaboola, mbewa zimakumba, ng'ombe za eni zimafuna kumwera pakhoma penipeni. Chaka chino matope ochokera m'minda yakumtunda adzaza pafupifupi theka, madzi anatha tomato asanapse bwino. Ndapita kwa eni mindayo kukawapempha kuti tibzale udzu m'mizere, awiri avomera, mmodzi akuti aganize kaye, ndipo ndidzapitakonso. Matopewo tayamba kuwachotsa sabata yatha, ine ndi achemwali, tikukawathira m'dimba poti ndi achonde. Tikuyenera kumaliza mvula isanagwe, ndipo lero tafika pa chikhomo chachiwiri mwa zija anakhoma tekiniku.