Mbande za Fatsani ndinazizula ndi manja anga

Lachinayi lapitali ndinazula mbande khumi ndi ziwiri kuseri kwa bafa n'kuziponya m'chimbudzi. Ndazulapo zinthu zambiri m'moyo wanga, koma izi zandisiya wopanda mphamvu mpaka lero. Tamvani mmene zinayendera, mwina wina mwa inu andiuza chomwe ndikanachita.

Mwana wanga Fatsani ndi munthu wamkulu, wandevu. Anaphunzira za ulimi, ndipo pepala lake lili m'felemu pabalaza pa nyumba yathu ya lendi ku Zingwangwa. Zaka zitatu tsopano ntchito kulibe. Chaka choyamba ankayenda, nsapato zopolisha, envulopu m'manja. Chachiwiri anayamba kuchepetsa maulendo. Chachitatu anangogona. Kudzuka dzuwa lili pamutu, kudya osayankhula, kubwereranso pabedi. Ndinakalipa, ndinalira, ndinaitana azimayi anzanga a kutchalitchi kudzapemphera. Palibe chinasintha.

Ndiye mwezi watha ndinangomva kugobodola m'chipinda chake m'mamawa. Kusuzumira, munthu wagwada pakona. Mabotolo a zakumwa odula pakati ali pamzere, dothi losefa bwinobwino, babu likulendewera pamwamba pake. M'botolo lililonse muli kambande.

"Nanga izi?" ndinafunsa.

"Ndikuyesa zinazake, mayi. Zakusukulu zija."

Sindinafunsenso zambiri. Mukanafunsa inu? Mwana anali atayambanso kusamba m'mawa. Ankaimba likhweru. Ankapisa chala m'dothi kuona ngati lauma, n'kumathirira ndi supuni yanga ya tiyi, ine osadandaula. Ndinati Ambuye mwandiyankha.

Loweruka anakwera basi ya ku Lilongwe, akuti amuitana ku intavyu. Potuluka anati, "Musazikhudze, mayi. Babu lokha lizikhala loyaka." Mawa lake magetsi anazima m'dera lathu lonse, osabweranso. Pofika Lolemba masana timbande tija tinali titaonda ngati ulusi, tonse titapendekera kuzenera.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Ine ndine mwana wa mlimi, kwathu ndi ku Thyolo. Kwathu mbewu yokhala m'nyumba ndi ya m'thumba yokha, yomera imakhala panja. Ndinadziyankhulira ndekha kuti sukulu zinazi abale, mpaka kuphunzitsa ana kulima kuchipinda? Ndinadikira dzuwa lipepe, ndinathirira kaye, ndinang'amba mabotolo kuti dothi lisachoke ku mizu, n'kuziwokera kuseri kwa bafa komwe sikuuma. Iliyonse ndinaitchingira dzuwa ndi masamba a mango, monga ankachitira malemu mayi anga ndi mbande za mpiru.

Zinagwira zonse. Pofika Lachinayi zinali zitaima njo, zobiriwira, ine kunyadira kuti mwana akabwera aona kuti pepala si zonse.

Tsiku lomwelo alandilodi athu, a Namaona, anabwera kudzaona mpope womwe ukudontha. Ndinangomva akuitana, mawu otsika.

"Mayi a Fatsani, tabwerani kuno. Mwadzala chiyani apa?"

"Ndi za mwana. Kaya ndi therere la mtundu wanji."

Anandiyang'ana m'maso. "Mayi, inu ovala yunifolomu ya kutchalitchi Lachinayi lililonse? Ichi ndi chamba."

Musandiseke. Chamba ine ndimachidziwa ndi fungo pa siteji ya minibasi, masamba ake ndinali ndisanawaonepo. Ndipo ndinachidzala poyera, pomwe mabanja anayi amadutsa m'mawa uliwonse ndi ndowa zawo.

A Namaona sanakalipe. Anati, "Apolisi akabwera ayamba ndi ine mwini poloti, kenako mwana wanu. Zulani panopa ndikuona. Ine sindinaone kanthu, koma zikadzabwerezeka mudzasaka nyumba kwina."

Ndinazula. Mizu inali itayamba kale kugwira dothi latsopano, ndinkaimva ikuduka.

Tsono ndisanapitirire, wina asandimve molakwa. Sindikuikira kumbuyo chamba. Ndaona ana a anzanga omwe chinawasokoneza mitu, ena akutola zinyalala kumsika, ena ali m'ndende. Fatsani anandinamiza, anaika khosi langa pa mpeni m'nyumba yanga yomwe, ndipo ndinakwiya moti ndinalephera kudya. A Namaona ananena zoona, ndipo anatichitira chifundo.

Koma mkwiyo utatha chinatsala ndi chisoni, ndipo sichikutha. Taganizani. Zaka zitatu dziko lonseli, ndi maofesi ake, ndi misonkhano yake ya achinyamata m'mahotela, linalephera kumupatsa mwana wanga chifukwa chodzukira m'mawa. Chinakwanitsa ndi kambewu koletsedwa m'botolo lodula.

Timamva pa wailesi kuti masiku ano chamba chimalimidwa mololedwa, cha mankhwala ndi cha mafakitale. Amalima ndani? Omwe ali ndi minda ikuluikulu, mipanda ndi ziphaso. Mbewu yomwe kwa iwo ndi bizinesi, kwa mwana wa mu lendi ndi unyolo. Ana athu amamva wailesi yomweyo, amaona pa foni anzawo a kunja akulima m'zipinda, n'kumayesa mwina nawonso khomo lawatsegukira. Pamene kuno ngakhale babu lokhalo silikhulupirika.

Ndipo musaganize kuti ndi Fatsani yekha. Yendani ku Chemusa, ku Misesa, ku Bangwe, muwerenge makatani otseka masana. Kuseri kwake kwagona anthu odziwa kulima, opanda dothi loposa la m'botolo. Tinawatumiza kusukulu kuti athawe khasu, sukulu n'kuwaphunzitsa khasu lomwelo m'Chingerezi, kenako n'kuwabweza ku tauni komwe poloti imathera pa bafa. Ku Thyolo munda wa mayi anga unagawidwa kalekale, chotsala ndi pamanda.

Ife makolo timati bola asabe, bola asasute, bola ali m'nyumba. Eya, ali m'nyumba. Koma munthu wogona tsiku lonse mumati ali bwino inu?

Fatsani anafika Lachisanu madzulo. Za intavyu anangoti anthu anali ochuluka kuposa mipando, ati adzaimba foni. Analowa kuchipinda, anaona pakona pali mbee, anatuluka. Ndinali nditakonzekera ndewu, mawu onse ali pakamwa. Ndinamuuza zonse, za magetsi, za kuseri kwa bafa, za a Namaona, za chimbudzi. Ndinamufunsa ngati akufuna ndikafere kupolisi pa ukalamba wanga.

Anakhala pampando, manja pakati pa maondo, n'kufunsa motsitsa, "Mutawokera, zinagwira?"

"Zinagwira."

"Zonse?"

"Zonse khumi ndi ziwiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kumwetulira pang'ono. "Ndinkaopa kuziwokera ndekha. Ndimayesa zifa." Kenako anati pepani mayi, analowa, anatseka chitseko.

Ndikanakonda akanandilalatira.

Loweruka ndinapita kumsika n'kugula mbande za tomato ndi mpiru. Ndinaziika pakhomo pa chipinda chake pamodzi ndi supuni ija, n'kumuuza kuti kuseri kwa bafa malo alipo, dothi lake ndi labwino, ndaliyesa ndekha. Anati zikomo, ali chigonere. Ndikulemba pano ndi Lachiwiri, dzuwa lili pamutu, mbande zija zafota pomwe ndinazisiya, ndipo chitseko sichinatseguke.

Ndinachita zoyenera, aliyense akundiuza choncho, ndipo zitabwereranso ndikhoza kuzulanso. Mwana wanga sali m'ndende, nyumba sitinachotsedwe. Tsono inu odziwa zinthu, tandiuzani: mawa m'mawa ndikagogoda pachitseko chija, ndimuuze kuti adzukire chiyani?