Ndowe Zimene Anasenza Okha

Kuseri kwa nyumba yathu ku Katawa kuli thanki ya gasi. Mlendo akabwera, asanamwe n'komwe madzi, bambo akunyumba amamukokera kumeneko kukaionetsa. Ine ndimatsala pakhonde, chifukwa ndikaiyang'ana ndimakumbuka amama ankhuni.

Tinkangowatchula choncho. Chitisamutsireni kuno ku Mzuzu kuchokera ku Dedza, mayi amenewa ankabwera Loweruka lililonse atasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kumtunda kwa Geisha. "Monire mose!" ankatero m'Chitumbuka chawo ali pageti. Akatula ndinkawalipira, kenaka n'kuwapatsa chidebe cha zotsala za sabata yonse: makoko a nthochi, mkute wosasa, masamba a kabichi. Zimenezo zinali za nkhumba zawo. Nkhuni ndi nkhumbazo ndizo zinkadyetsa adzukulu amene mwana wawo anawasiyira.

Koma utsi ndinali nditatopa nawo, ndisaname. Ndi mvula ya kuno yosadziwa kukata, nkhuni zimangofuka, maso psuu, kuofesi anzanga n'kumandiseka kuti ndikununkha ngati wootcha kanyenya. Ndiye nditamva kuti zakudya zotsala zikaolera muthanki zimatulutsa gasi wophikira, sindinafunenso kumva zina. Bambo ankazengereza, ine ndinawalalatira mpaka anagonja.

Thanki itamangidwa, mmisiri anati siingayambe yokha, pafunika ndowe zoyambitsira. Ndowe mu Katawa ndikazipeza kwa yani? Ndinapempha amama.

Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Imwe anthu a boma! Ndowe nazonso mwayamba kuzifuna?"

Sabata imeneyo anayenda maulendo angapo, chidebe pamutu, zina zikudonthera pachitenje. Anakana kuti ndiwalipire. Akuti ndowe sagulitsa, angawaseke anthu.

Tsiku limene moto unayaka anali pomwepo. Ndinatembenuza kabatani, ka moto kobiriwira n'kutulukira, kopanda utsi ngakhale pang'ono. Ana anakuwa, ine ndinaimba nthungululu. Amama anaomba m'manja nafe, kenaka anaweramira chitofucho nthawi yaitali.

"Sono nkhuni?" anafunsa motsitsa mawu.

"Aa, tizigulabe amama, musadandaule."

Ndinkanena zoona, ndipo ndinagulabe. Koma mitolo inangounjikana pafupi ndi bafa mpaka chiswe chinalowamo, ndipo iwo anali ndi maso. Chidebe nacho chinayamba kupepuka, pakuti thanki ija ndi yadyera, ukaimana moto umachepa. Loweruka lina ndinawapatsa timakoko tochepa pansi pa chidebe. Anayang'anamo, n'kuti, "Yewo chomene." Sanabwerenso. Ndinkati ndikawaona mawa, mawa, mpaka chaka chinatembenuka.

Itafika Juni, chisanu cha Mzuzu chinagwira thanki. Moto unkangoti phethi phethi, nyemba osapsa, madzi a tiyi osawira. Mmisiri anati pafoni, "Onjezerani ndowe, mayi." Manyazi ndinali nawo, koma ana ankapita kusukulu ndi m'mimba mopanda kanthu. Ndinatenga chidebe chomwe chija n'kukwera ku Geisha, ndikufunsira njira.

Ndinawapeza akuwaza chitsa. Anandiyalira mphasa, n'kufunsa za bambo ndi ana mmodzimmodzi. Ine ndinazungulirazungulira mpaka ndinatchula chimene ndinadzera.

Anadzuka pamphasapo. Ananditengera kuseri kwa nyumba. Khola linali losesedwa bwinobwino, chitseko chili pululu, m'kati mwamera bonongwe.

"Zinaonda chomene," anatero. "Gaga wakwera mtengo. Ndinagulitsa zisanandifere."

Ndinaima pamenepo ndi chidebe changa ngati chitsiru. Ndinafuna kuti andinyoze, andithire mawu, mwina mtima ukanapepuka. Ayi ndithu. Anangofunsa ngati moto uja wazimiratu, ndipo nditavomera anapita pamulu wawo, n'kusankha nkhuni zouma kwambiri, n'kuzimanga ndi luzi. Nditatsegula chikwama anandigwira dzanja.

"Yayi. Mwabwera ngati mlendo. Ana asagone ndi njala."

Anapinda nkhata ndi kansalu kawo, n'kunditwika okha. Ndinali ndisanasenzepo mtolo wa nkhuni chichokereni kumudzi ndili mtsikana. Ndisanafike n'komwe pamsewu wa tala khosi linali litauma, ndipo ku Katawa kunali kukadali kutali.