Lole ya Amayi Ovina

Ndinaganiza zochoka kwathu, kufupi ndi Phwezi, chaka chimene dzina langa silinatuluke pa mndandanda wa opita ku sekondale. Amama sanandiletse. Anangoti khadi la chipani lisamachoke m'thumba la malaya, ndipo wamkulu akalankhula ndiziti inde.

Ku Limbe ndinapeza ntchito yonyamula buledi pa malo ena ophikira. Anzanga ankaseka Chichewa changa, choncho ndinazolowera kukhala chete. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndinkaima pafupi ndi chipata, kutchera khutu ngati wina anganene "yewo", moni wa m'chilankhulo cha kwathu. Masabata ambiri ndinkabwerera ku chipinda changa osamva. Dalaivala wa kagalimoto koperekera buledi anandimvera chisoni nayamba kundiphunzitsa, ndipo patapita zaka ziwiri ndinakhoza mayeso. Laisensi masiku amenewo inali kabuku. Kanga kanali ka magalimoto ang'onoang'ono okha. Malole ndi mabasi anali ndi mayeso awoawo. Ndinatumiza ndalama pang'ono kwa amama pamodzi ndi kalata yoti, "Tsopano ndine dalaivala." Kukula kwa galimotoyo sindinalembe.

Tsiku lina buledi anachedwa kupsa ndipo abwana anati ndithamange. Ndinati inde. Apolisi apamsewu anali atabisala kuseri kwa mitengo, ndipo nkhani inakathera kukhoti. Chindapusa chinadya malipiro a mwezi, koma chimene chinandiopsa ndi chidindo chimene anadinda m'kabuku. Wapolisi pondibwezera anati, "Chachiwiri n'chomaliza, mphwanga. Kabukuka tidzakusungira ife." Kuyambira pamenepo ndinkayendetsa pang'onopang'ono mpaka anzanga ananditcha Wonyamula Maliro. Sindinadandaule. Popanda kabuku kaja ndinalibenso china chodyera.

Ndinabwera kwathu patchuthi patatha zaka zinayi, ndikuganiza kuti ndipumako ku mantha a m'tauni. Tsiku lachitatu m'mawa kunabwera a Mhango, tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Pulezidenti ankafika ku boma la Rumphi tsiku lomwelo, ndipo amayi a m'midzi yathu ankayenera kukavina. Lole anali atabwereka kwa mlimi wina wa fodya, koma dalaivala wake anagona ndi malungo.

"Tili ndi mwayi chomene," anatero a Mhango. "Mwana wathu Yotamu, dalaivala wa ku Blantyre!"

"Adada, laisensi yanga ndi ya timagalimoto tating'ono."

"Chiwongolero si chimodzi? Kapena ukufuna ndikanene kuti wakana kunyamula amayi a Pulezidenti?"

Ndinayang'ana amama. Anali atavala kale nsalu ya chipani, maso ali pansi. Ndinati inde.

Lole ndinali ndisanaiyendetsepo. Magiya ankalira ngati ndikuthyola chitsulo, ndipo mabuleki ankafuna kupopa kawiri asanagwire. Kumbuyo amayi anadzaza choimirira, atagwirana mapewa, amama ali pakati pawo. Tinali tachedwa kale. A Mhango anakhala pambali panga, maso pa wotchi.

"Ponda, mnyamata! Uku ndi kuyendetsa kapena kulima?"

"Msewu ndi woipa, adada."

"Ndati ponda!"

Ndinkayankha inde, koma phazi silinkamvera. M'mutu mwanga munali chidindo chija, komanso pa kona iliyonse ndinkamva amayi akupendekera mbali imodzi, nyimbo n'kuduka. Thukuta linkandilowa m'maso.

Tili pafupi ndi mlatho wa Njakwa, wapolisi wapamsewu anatambasula dzanja. Ndinamupatsa kabuku. Anawerenga, nayang'ana lole, naonanso chidindo. A Mhango, amene anakalipa njira yonse, anatembenukira ku zenera lina ngati sakundidziwa.

"Ukudziwa kuti galimoto iyi si ya laisensi yako?"

"Ndikudziwa, bwana."

Wapolisiyo anayang'ana amayi aja ndi nsalu zawo. Ndinazindikira kuti nayenso akuwerengera: akatigwira, amene waimitsa amayi ovina akhala iyeyo. Anandiponyera kabuku pamiyendo.

"Sindinakuone. Choka."

Tinafika magulu a madera ena atalowa kale m'bwalo. Pa chipata panali achinyamata a chipani a malaya ofiira, ndipo wamkulu wawo anali ndi pepala la mayina. Anafunsa a Mhango chifukwa chochedwera. Mawu a a Mhango anachepa ngati a mwana wa sukulu.

"Ndi dalaivalayu, bwana. Ndamuuza athamange, wakana. Ngati wachita dala."

Mawu oti "dala" masiku amenewo ankatha kumutengera munthu kumene abale sangamufunse. Mnyamata uja anandiuza kuti nditsike ndi kumupatsa laisensi ndi khadi. Ndisanapise dzanja m'thumba, a Nyakaunda, mayi wina wachikulire amene ankatsogolera nyimbo, anafuula ali pamwamba pa lole.

"Mwana wachimwa chiyani? Tamuimitsa ndife, katatu konse! Tinamwa thobwa m'mawa. Mumafuna tikavine pamaso pa Pulezidenti nsalu zitanyowa?"

Amayi onse anavomera. Wina anati kanayi, wina n'kutchula mtengo umene anabisalako. Sitinaime paliponse kupatula pa wapolisi paja, ndipo panalibe nthawi yoti apangane. Achinyamata ena anaseka, wamkulu wawo anachita manyazi, nakuwa kuti amayi atsike msanga. Anatsika akuimba, ndipo palibe anandiyang'ana, ngakhale amama.

Madzulo lole inabwerera ndi dalaivala wina amene mwini wake anatumiza. Ine ndinakwera kumbuyo pamodzi ndi amayi. Nkhani ya m'mawa sanaitchule. Ankangokamba za mtengo wa mchere.

M'mawa mwake ndinapeza chikwama changa chili pakhomo, chomangamanga, pamwamba pali mtedza wokazinga. Tchuthi changa chinali chitatsala milungu iwiri.

"Amama, mukundithamangitsa?"

"A Mhango achita manyazi pamaso pa anthu, mwana wane. Nawonso ali ndi amene amawafunsa. Sagona mpaka apeze dzina lopereka."

"Nanga inu?"

"Ife tilipo ambiri. Angalembe tonse?"

Anandiperekeza njira yodutsa m'minda, osati ya pa sitolo, mpaka pamsewu waukulu. Ndinkaganiza kuti mantha ndinawaphunzira ku Blantyre, koma anthu a kwathu anali nawo zaka zonsezo, anangodziwa kuwasenza pamodzi. Ine ndinali nditakhala kutali, ndipo kasenzedwe kake sindinkakadziwa. Basi itaonekera patali, amama anandikonza kolala ya malaya.

"Usabwere Khirisimasi," anatero. "Tikadzakulembera kuti mbuzi yabereka, ndiye ubwere."