Galimoto ya akwatibwi ku Jelovik

Ku Jelovik kulibe mkazi wokwatiwa m'zaka makumi atatu zapitazi amene sanakwerepo galimoto ya Velizar. Mwini wakeyo ndi mlimi wa zipatso za mapulamu, wamfupi, wa ndevu za pamlomo zimene amazisamala kuposa munda. Galimotoyo ndi yobiriwira, yakalekale, ndipo m'mawa imayamba yatsokomola kaye isanavomere kuyenda. Koma mkwatibwi aliyense wa m'mudzimo amapita kutchalitchi m'menemo, matawulo oyera atamangidwa pa magalasi.

Vuto linabwera ndi ukwati wa Tijana, mwana wa malemu Obrad, mnzake wa Velizar wa ponda apa nane mpondepo. Obrad ali gone m'chipatala, Velizar anamulonjeza kuti mwanayo adzamunyamula ndi iye tsiku la ukwati.

Tsono anthu a ukwati sabwerera njira imene anadzera, zimenezo n'kuitana tsoka. Popita kukatenga Tijana kumtunda adzadzera msewu wofatsa wa kumtsinje, koma potsika ndiye wa kumanda, wotsetsereka ngati denga la tchalitchi. Msewu umenewo Velizar ankautsika ndi giya yoyamba, thukuta lili kamukamu. Pa manda a Obrad ankangoliza hutala n'kudutsa, chifukwa galimoto sinkalola kuima pamenepo. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akumupatsa mnzake moni wotero, ndipo zinkamuwawa.

"Mwana wa eni simumukweza m'bokosi la maliro limeneli," anatero mkazi wake, Dobrila. "Mukapanda kukonza mabuleki, ndikawauza amayi ake abwereke galimoto m'tauni."

"Galimoto imeneyi inakunyamulani inu, mayi."

"Ndinali wopepuka nthawi imeneyo, komanso ndinalibe nzeru."

Velizar anapita kwa Ratko, wogulitsa zitsulo za magalimoto owonongeka kufupi ndi tauni ya Užice. Anayendayenda pakati pa magalimoto akufa mpaka anapeza ina yamakono yophwanyika kumbuyo, kutsogolo kuli bwinobwino. Anamasulamo madisiki awiri a mabuleki, zopanira zake ndi mapaipi. Yake inali ya mabuleki a madiramu, aja ogwira akafuna.

"Mukuika mano atsopano m'kamwa mwa nkhalamba, achimwene," Ratko anamuseka, akulandira mabotolo awiri a kachasu wa mapulamu.

"Bola izilumako."

Masiku awiri anakhala pansi pa galimoto pabwalo, akupala apa, kuboola apo. Zonse zitalowa panatsala kuchotsa mpweya m'mapaipi, ntchito ya anthu awiri: wina kupopa buleki, wina kutsegula kabowo kotulutsira mpweya. Dobrila anakhala pachiwongolero atavala epuloni yake.

"Popani! Gwirani pomwepo! Siyani!"

Anapopa mpaka dzuwa linafika paliwombo, koma buleki inali wedewede ngati mkate wonyowa. Mafuta a mabuleki anatha botolo lathunthu. Ukwati unali mkucha, ndipo Velizar anayamba kuona m'maganizo mwake Tijana akukwera galimoto yonyezimira ya mlendo.

Dobrila anatsika akutsimphina, n'kuwerama pa tayala.

"Kabowo kanu kotulutsira mpweyako ndi aka kali pansika?"

"Ndi komweko. Bwererani mukapope."

"Mdala inu, mpweya umamira? Ndikamathira kachasu m'mabotolo, thovu limapita kuti?"

Velizar anayang'ana tayala la kumanja, n'kukayang'ana la kumanzere. Zopanira zija zinachoka kwa Ratko zili m'thumba limodzi, zopanda chizindikiro, ndipo iye anaika cha kumanja kumanzere, cha kumanzere kumanja. Timabowo tonse tiwiri tinaloza pansi, mpweya uli phee pamwamba.

"Ndimakuyesani," anatero, makutu atafiira.

"Mwandiyesa mwendo wonse."

Atazisinthanitsa, Dobrila anangopopa kasanu buleki n'kulimba gwa. Nkhani imeneyi Velizar saikamba, koma mudzi wonse ukuidziwa, ndipo sitikufunsa amene anaifalitsa.

Loweruka, tsiku la ukwati, Velizar anatsika msewu wa kumanda, oimba malipenga ali pambuyo, mahutala akulira phiri lonse. Tijana anakhala kumbuyo ndi mlongo wake, diresi litadzaza mpando. Dobrila anali kutsogolo, atagwira chitseko ndi manja awiri ngakhale anapopa yekha.

Mpanda wa manda utaonekera, dzanja la Velizar linapita pa hutala mwachizolowezi. Tijana anamugwira phewa.

"Amalume, ndikudziwa kuti pano siima. Ingochepetsaniko liwiro, ndiwaponyere duwa adadi."

Velizar anachotsa dzanja pa hutala n'kuponda buleki. Galimoto inaima nji, pakati penipeni pa mtsetse, moyang'anizana ndi chipata. Magalimoto onse pambuyo anaima, malipenga n'kukhala chete.

"Tsika, mwanawe, ukawapatse pamanja. Tikudikira."

Tijana ananyamula diresi lake n'kulowa pachipata. Velizar sanatsike, poopa kuchotsa phazi pa buleki. Anangotsitsa galasi, misozi ikulowa m'ndevu zake zosamalika zija.

"Obrad," anatero chapansipansi, "ndabwera naye."